Droni Ikagwa M'tiyi, Mboni Yoyamba ndi Logi

Droni ikagwa m'munda wa tiyi, mlandu umaweruzidwa masamba asanaleke kugwedera. Mayi wothyola amene anali pafupi amanena kuti anamva kulira kwachilendo. Mlonda amalumbira kuti kabawi ndiye waigwetsa. Woyendetsa wake, mnyamata wa satifiketi yatsopano, amatola zidutswa, n'kuzunguza mamota ndi chala, n'kupeza imodzi yolimba yodzaza dothi, ndipo pomwepo foni ili kukhutu: "Bwana, mota yapsa, tiitanitse ina." Motayo imaitanitsidwa kunja, ndi ndalama zakunja zosowazi, n'kudikiridwa masabata. Ikafika imamangidwa, droni imakwera bwinobwino, ndipo tsiku lina imagwanso momwe inagwera poyamba, poti chimene chinaigwetsa sichinakhudzidwe n'komwe.

Zaka khumi ndi zisanu zapitazo nkhani yotere ikanamveka ngati nthano ku Thyolo. Boma limene linatchuka ndi tiyi wa Conforzi, Naming'omba, Makwasa ndi Satemwa, esiteti imene Maclean Kay anayambitsa mu 1923, lero ndi kwawo kwa sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Ndata, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Malawi sanachedwe pa za madroni. Mu 2016 bungwe la UNICEF linayesa kunyamula pa droni magazi a makanda okayezedwa HIV ku Lilongwe. Mu Juni 2017 boma la Malawi linatsegula ku Kasungu dera loyeseramo madroni othandiza anthu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa, mothandizana ndi Virginia Tech ya ku America komanso MUST yomweyi. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, madroni anathandiza kujambula malo amene galimoto sizikanafika.

Choncho odziwa kuulutsa alipo, anyamata ndi atsikana omwe. Luso limene likadali losowa ndi lofunsa droni yakugwa chimene chinaichitikira. Malangizo ano ndi a iwo amene adzapatsidwa makina a eni ake kuti akajambule minda ya tiyi ndi ya makadamiya, n'kubwerako atanyamula zidutswa m'chitenje.

Ntchito imayambira pamalo angozi pomwepo. Wofikapo ayambe wachotsa batire n'kuliika pa dothi loyera, kutali ndi zinyalala zouma za tiyi wodulidwa, chifukwa batire la LiPo likaphwanyika kapena kutupa limatha kuyaka lokha patapita nthawi. Kenako ajambule ndi foni zonse momwe zagonera asanasunthe kanthu: droni yagwa chamutu kapena chammbali, waya uti wazuka, mapulopela ali kuti. Pulopela imene inkazungulira mwamphamvu pogunda nthambi kawirikawiri imathyokathyoka, pamene imene inali itaima kale imatha kupezeka yathunthu. Ina ikasowa, aifunefune kumbuyo kumene droni inachokera. Ikapezeka patali ndi pamene pagwera thupi, ndiye kuti inachoka droni ikadali m'mwamba, ndipo theka la mlandu latha. Tiyi amabisa zinthu, kanthu kakalowa pansi pa masamba sikaoneka ngakhale munthu ataima pomwepo. Amene amadziwa mizere imeneyo ndi othyola, ndipo wachinyamata wanzeru amawapempha mwaulemu, "Amayi, tandithandizeni," osati kuwalamula ngati iye ndi manijala.

Chofunika kuposa zonse n'chaching'ono ngati chikhadabo: kakhadi ka SD. Madroni ambiri amene ophunzira amamanga okha amayendera pulogalamu ya ArduPilot kapena PX4, pa kompyuta yaing'ono ya mtundu wa Pixhawk, ndipo kompyutayo imalemba zimene ikumva ndi zimene ikulamula kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Kaundula ameneyu ndiye logi. Ya ArduPilot imatsegulidwa ndi Mission Planner, ya PX4 ndi Flight Review, ndipo madroni a DJI amasunga zawo mu foni ndi m'thupi la droni. Asanatsegule, akope fayiloyo pa laputopu ndi penanso. Zotsatirazi ndi za ArduPilot, koma nzeru yake ndi imodzi ponseponse.

Woyamba kumene amathamangira kumapeto kwa logi, pamene mizere yonse yasokonekera. Pamenepo palibe chophunzira, ndi phokoso la kugunda pansi chabe. Funso lenileni ndi lakuti chinayamba kupotoka n'chiyani, pa sekondi iti, ndipo yankho limayambira pa gawo lotchedwa ATT. M'menemo mizere imayenda iwiriiwiri. DesRoll ndi kupendekeka kumene kompyuta inkafuna, Roll ndi kumene droni inapendekekadi; DesPitch ndi Pitch n'chimodzimodzi, koma za kuweramira kutsogolo kapena kumbuyo. Droni ikakhala bwino, mizere iwiriyo imayenda umodzi pamwamba pa unzake. Pamene yasiyana mwadzidzidzi, woyendetsa asanakhudze timitengo ta rimoti, ndi pamene tsoka linalowera. Nthawi imeneyo ailembe pa pepala, ndipo china chilichonse chimene adzaone achifunse funso limodzi: chinachitika nthawiyo isanakwane, kapena itadutsa?

Tsopano pakubwera mbuna imene ambiri amagwamo. Gawo la RCOU lili ndi mizere C1 mpaka C4, umodzi pa mota iliyonse, manambala ake oyenda pakati pa 1000 ndi 2000. Wosazolowera amaona mzere umene wagwa pansi n'kunena kuti mota yakufa ndi imeneyo. Ayi ndithu. RCOU silemba mphamvu imene mota inatulutsa, imalemba lamulo limene mota inapatsidwa. Aliyense amene anakulira pa esiteti amadziwa kuti dzina limene kapitawo akulikuwa kwambiri m'munda si la munthu amene dengu lake ladzaza, ndi la amene watsalira m'mbuyo. Woima kuseri kwa chitunda, wongomva mawu osaona madengu, akafuna kudziwa amene wafooka angomvetsera dzina lobwerezedwabwerezedwa. Kompyuta ya droni ndi kapitawo wotero. Mota ikafooka, ngodya yake imatsika. Kompyuta imaikuwira kuti iwonjezere, siyankha. Imaikuwiranso mpaka nambala ifike pamathero, cha m'ma 1950. Nthawi yomweyo imachepetsa mota ya pangodya yopingasana nayo kuti droni isagudubuzike, ndipo mzere wa mota yosalakwayo umagwa mpaka cha m'ma 1150. Mzere wokwera ndiwo wa mota yakufa. Wotsikawo ndi wa yamoyo, yangouzidwa kuti ileke kukankha.

Pa sikirini zimaoneka chonchi. Droni ikujambula munda wa m'mbali mwa phiri, mizere inayi ikuyendera limodzi cha pa 1520, ikusiyana pang'ono mphepo ikawomba n'kubwererana. Mwadzidzidzi C1 yalumpha kufika 1950 sekondi isanathe, n'kukakamira pomwepo. C2 yagwa. Roll yathawira kumanja, mphuno yaloza pansi, droni yayamba kuzungulira. ArduPilot yamakono imalembanso uthenga wakuti Potential Thrust Loss pamodzi ndi nambala ya mota imene ikuikayikira. Droni ya mamota 4 ikataya imodzi, woyendetsa alibe chochita koma kupenya. Ya mamota 6 imatha kutera ikutsimphina, n'chifukwa chake onyamula makamera odula amaikonda. N'chifukwa chakenso droni siyenera kuuluka pamwamba pa othyola, makamaka kuyambira Disembala mpaka Epulo pamene masamba achuluka ndipo minda yadzaza anthu.

Ngakhale wawerenga bwino, munthu akhoza kumasula mota yolakwika chifukwa cha kawerengedwe. Pa droni ya mikono yopingasa ya ArduPilot, mota 1 ili kutsogolo kumanja, 2 kumbuyo kumanzere, 3 kutsogolo kumanzere, 4 kumbuyo kumanja. Sizizungulira motsatana monga maganizo amafunira. Pa Betaflight, imene amakonda a madroni othamanga, mota 1 ili kumbuyo kumanja. Ndipo Mission Planner poyesa mamota imagwiritsa ntchito zilembo A, B, C, D, kuyambira kutsogolo kumanja n'kumazungulira monga muvi wa wotchi. Amisiri osamala amalemba nambala pa mkono uliwonse ndi cholembera chosafufutika tsiku lomwe amamanga droni.

Wachinyamata asaganize kuti kulanga injini yosalakwa ndi vuto la ophunzira okha. Pa 8 Januwale 1989 ndege ya British Midland, Boeing 737 yochokera ku London kupita ku Belfast, inathyoka tsamba limodzi m'injini ya kumanzere. Ndege inayamba kunjenjemera, fungo la utsi linalowa mkati, ndipo oyendetsa, anthu odziwa ntchito yawo, anazimitsa injini ya kumanja imene inalibe vuto. Kunjenjemera kutachepa anakhulupirira kuti achita bwino. Poyandikira bwalo la East Midlands injini yodwalayo inatheratu, ndege n'kugwa m'mbali mwa msewu wa M1 pafupi ndi mudzi wa Kegworth. Anthu 47 mwa 126 anamwalira. Kachipangizo kosonyeza kunjenjemera kwa injini kanali patsogolo pawo, kakuloza ya kumanzere.

Komanso si droni iliyonse yakugwa imene yagwetsedwa ndi mota, ndipo logi imasiyanitsa. Mizere yonse inayi ikakwera pamodzi kufika pamathero droni ikutsikabe, vuto lili pa batire, ndipo gawo la BAT lidzaonetsa mavolti akugwa. Selo la LiPo lodzaza limakhala ndi mavolti 4.2, choncho batire la maselo 4 limayambira pa 16.8; likamagwa pansi pa 3.3 pa selo mkati mwa ulendo, mamota sangapezenso chimene akuuzidwa kutulutsa. Batire lokalamba limachita zimenezi msanga m'mamawa wa chiperoni, pakati pa Meyi ndi Ogasiti, chifukwa kuzizira kumalifooketsa. Logi ikangoduka droni ili m'mwamba, mizere yonse ili bwinobwino, ndiye kuti kompyuta inazimiridwa magetsi: pulagi yazuka kapena powotcherera pathyoka.

Palinso vuto la Thyolo weniweni. Minda ya kuno ndi yokwera ndi yotsika, ndipo m'malire mwake muli mitengo italiitali ya bulugamu, nkhuni za fakitale. Droni yambiri imawerenga kutalika kwake kuchokera pamene inanyamukira. Yonyamukira kudambo n'kuuzidwa kuti iuluke pa mamita 40 siidziwa kuti phiri likukwera kudzakumana nayo. Ikagunda nthambi, pulopela imathyoka, ndipo RCOU imaonetsa chithunzi chomwe chija cha mota yakufa. Chosiyanitsa ndi nthawi ija inalembedwa pa pepala: kugunda kumaonekera koyamba pa mizere ya kugwedezeka, kulumpha kumodzi kwakukulu, ndipo mizere ya mamota imasiyana pambuyo pake. Zikachitika mota itafa yokha, mizere ya mamota ndiyo imatsogola. Kabawi wa mlonda uja, ngati analipodi, amasiya chidindo chofanana ndi cha nthambi.

Logi ili ndi malire ake, ndipo wachinyamata awadziwe kuti asalonjeze bwana zopitirira. Ikaloza ngodya ya kutsogolo kumanja, sinanene kuti mota. Pa mkono umenewo pali zinthu zinayi: pulopela, mota, mawaya atatu, ndi ESC, kabokosi kamene kamasandutsa lamulo la kompyuta kukhala magetsi ozunguza mota. Droni yokhala ndi ma ESC otumiza uthenga kumbuyo imathandiza kwambiri, chifukwa logi imalemba liwiro lenileni la mota iliyonse. Liwiro likakwera mopitirira pamene mphamvu yasowa, pulopela yachoka kapena yamasuka. Likagwa kufika pa ziro, mota yaima, kaya chifukwa cha iyo yomwe kaya ESC. Popanda uthenga umenewo, zotsala ndi za pa benchi. Anunkhize mota, ayang'ane ngati mawaya a mkuwa a mkati adera. Ayeze ndi mita mawaya atatu aja awiriawiri. Manambala atatuwo ayenera kufanana. Akoke pang'ono powotcherera paliponse, poti nthawi zambiri mtovu umathyokera mkati mwa chikopa cha pulasitiki kunja kukuoneka bwino. Kenako, mapulopela onse atachotsedwa, asinthanitse mota yokayikitsayo ndi ya mkono wina. Vuto likasamuka nayo, ndi mota. Likatsala pa mkono womwewo, ndi ESC kapena waya, ndipo mota yatsopano ija ikanangowononga ndalama.

Dothi limene mnyamata uja anapeza m'mota silitsimikiza kanthu. Mota iliyonse yogwa pa katondo imalimba.

Gawo lowawa ndi lakuti mota sizifa kawirikawiri popanda kuchenjeza, ndipo chenjezolo limakhala m'malogi a masabata apitawo amene palibe anawatsegula. Kuno zodya mota zilipo zambiri. Fumbi la m'misewu ya m'minda, m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, limalowa m'beringi, ndipo tizidutswa tachitsulo ta m'dothi timamatirira pa maginito. Chinyezi cha chiperoni chimabweretsa dzimbiri droni ikasungidwa yonyowa m'bokosi lotseka. Feteleza ndi mankhwala opopera zimadya chitsulo. Ndiponso minda yambiri ya tiyi wa Thyolo ili cha pa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, choncho mota imagwira ntchito yoposa imene inalembedwa m'kabuku kake. Beringi ikayamba kutha, mzere wa mota yake umakwera pang'onopang'ono kuposa ina, ulendo ndi ulendo, ndipo gawo la VIBE limasonyeza kunjenjemera kukukula. Olemba ArduPilot amati kunjenjemera kosapitirira 30 n'kovomerezeka, kopitirira 60 pafupifupi nthawi zonse kumabweretsa mavuto. Koma nambala ya tsiku limodzi siphunzitsa zambiri ngati kusintha kwake: droni imene mwezi watha inali pa 12 lero ili pa 25 ikudwala, ngakhale sinafike pa malire.

Kasiyanidwe ka mizere nakonso kamalankhula droni isanagwe. C1 ndi C2 zikakhala pamwamba pa C3 ndi C4 ulendo wonse, ndiye kuti mkono wina wapotoka kapena mota yakhala mopendekeka, ndipo mamota awiri akulimbana ndi kuzungulira kosafunika mpaka kutentha. Ziwiri za kutsogolo zikakwera kuposa za kumbuyo, katundu walemera kutsogolo, batire lisunthidwe.

Pa zimenezi achinyamata a malaputopu angaphunzire kwa mafitala akale a m'mafakitale a tiyi, ngakhale ena mwa iwo sanagwirepo droni. Fitala wotere amaika nsonga ya sikuludiraiva pa chivundikiro cha beringi ya makina odula masamba, chogwirira chake kukhutu, n'kutseka maso. Amagwira chitsulo ndi kuseri kwa dzanja kuti amve kutentha. Amadziwa kulira kwa makina ake akakhala bwino, n'chifukwa chake amazindikira tsiku limene kwasintha, ndipo amalemba m'buku la fakitale. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyendetsa droni akatera, akhudze mamota onse anayi ndi chala. Imodzi ikatentha kuposa inzake, madzulo omwewo atsegule logi. Ntchito imeneyi siitenga nthawi yoposa yophikira tiyi, koma ndi imene imadumphidwa poyamba anthu akatopa.

Amalawi anaonapo kuvuta kofufuza ngozi kaundula kulibe. Ndege ya asilikali ya Dornier 228 imene inagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 Juni 2024, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, inalibe makina osunga mawu a oyendetsa kapena osunga kayendedwe ka ndege. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany anatsata njira imene inadutsa pogwiritsa ntchito zimene zinasungidwa m'kachipangizo ka GPS kopezeka pamalopo. Droni ya wophunzira, yomangidwa pa tebulo la m'kalasi, imalemba zambiri kuposa pamenepo, koma nthawi zina kakhadi kake kamapezeka kodzaza, kapena kanachotsedwa kalekale n'kuikidwa mu foni kuti kasunge nyimbo.

Nthawi zina logi imaloza woyendetsa. Imaonetsa kuti chenjezo la batire linalira iye n'kupitiriza kuti amalize mzere womaliza, kapena kuti njira inakonzedwa pa mapu osayang'ana phiri. Chiyeso chimakhala chofufuta fayilo n'kunamizira mota, poti mota siyankha. Wochita zimenezi amasiya droni yotsatira m'manja mwa mnzake amene sadziwa kanthu, komanso amaiwala kuti laputopu kapena foni imene inali pansi imasunga kaundula wake payokha. Lipoti labwino ndi lalifupi: nthawi imene mizere inasiyana, chimene chinatsogola, chimene chinapezeka pa benchi, ndi chithunzi cha sikirini choti manijala wosadziwa za madroni aone ndi maso ake mzere umodzi ukukwera unzake ukutsika.

Droni ikakonzedwa isabwerere kumunda tsiku lomwelo. Iyesedwe kaye popanda mapulopela, mota iliyonse payokha, kuona ngati ikuzungulira mbali yoyenera, poti mawaya awiri akasinthana mota imatembenuka. Kenako pa bwalo la mpira lopanda ana, m'mamawa mphepo isanadzuke, iime m'mwamba pa mamita awiri kapena atatu kwa mphindi zingapo, itere, mamota akhudzidwe, logi itsegulidwe. Mizere inayi ya RCOU iyendere limodzi, Roll itsate DesRoll, VIBE ikhale pansi. Fayilo imeneyo isungidwe padera, italembedwa deti ndi mota imene yasinthidwa, chifukwa ndi imene malogi a miyezi ikubwerayi azidzayerekezedwa nayo.